Malangizo kwa odwala narcolepsy: mtima ndi BP usiku

Malangizowa ndawakonza kuno ku Mzuzu kuti abale athu a ku Chipata ndi Lundazi awerenge m'Chinyanja. Zoti muzimwa mankhwala monga wanenera dokotala mukuzidziwa kale, sindichedwapo.

Choyamba, narcolepsy, matenda amene munthu amangogwidwa ndi tulo masana mosaletseka, si kaodzera ayi. Kaodzera amabwera ndi kashembe, ngati ku Vwaza kuno kapena kuchigwa cha Luangwa kwanuko, ndiye amene akusinza masana thupi likutentha akayezetse magazi msanga. Narcolepsy nthawi zambiri imayamba ubongo ukataya maselo opanga orexin, mankhwala achilengedwe a muubongo amene amathandiza munthu kukhala maso komanso amakhudza kagundidwe ka mtima.

Kwa munthu wabwinobwino, BP imatsika ndi 10 mpaka 20 peresenti akagona ndipo mtima umapumulako. Kwa ambiri odwala matendawa BP siitsika mokwanira. Tulo tawo ndi toduladula, maloto amayamba pasanathe mphindi 15 pamene anthu abwinobwino amatenga pafupifupi mphindi 90, odwala ena miyendo imangodzidzimuka usiku onse ndipo ikadzidzimuka mtima nawo umathamanga, BP nkukwera.

Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Munthu wapita kuchipatala m'mawa, nesi wamumanga lamba uja pamkono, makina awerenga 120/80, iye nkubwerera kunyumba atakhazikika mtima pansi osadziwa kuti vuto lili usiku, ndipo zikapitirira zaka zimatha kuyambitsa matenda a mtima kapena sitiroko. Funsani ngati pali makina oyeza BP ovala maola 24. Ngati palibe, yezani kunyumba musanagone ndi podzuka, muzilemba m'kope kuti dokotala akaone.

Modafinil ndi methylphenidate, mankhwala othamangitsa tulo masana, amatha kukweza BP ndi kugunda kwa mtima. Venlafaxine, amene ena amamwa chifukwa chofooka mawondo nkugwa akaseka, nayenso amakweza BP koma chonde musangomusiya mwadzidzidzi, kugwa kuja kumabwereranso mwamphamvu. Sodium oxybate, mankhwala ena a narcolepsy omwa usiku, ali ndi mchere wambiri, ndiye ngati mukumwa chepetsani mchere wa mu ndiwo, tchipisi ndi soseji.

Izi ndangowonjezera ine: osathamangira khofi kapena ma energy drink pothamangitsa tulo, makamaka inu a kabaza ndi oyendetsa minibasi, ndi bwino kuima nkugona mphindi 20. Fodya musiye. Akunyumba akamati mumaliza mkonono kwambiri nkumabanika kutulo kauzeni adokotala, ndipo mukamva kuwawa pachifuwa kapena mtima ukugunda modumphadumpha musadikire kuti kuche.