Kakhazikidwe ka jenereta kuti isagwedeze nyumba

Mwafunsa za jenereta ya dizilo yomwe ikangolira, mawindo a shopu amanjenjemera ndipo khoma layamba ming'alu. Nthawi zambiri vuto limagona pomwe yakhalapo.

Yambani ndi maziko. Thirani konkire yakeyake, yosalumikizana ndi khoma kapena simenti ya pansi pa nyumba, musiye kampata kuzungulira. Konkireyo ilemere kuposa jenereta yodzaza mafuta, ndipo ipitirire felemu ya jeneretayo ndi masentimita 15 mbali zonse. Muziithirira madzi, ngati n'kotheka dikirani masiku 28 kuti ikhwime. Ambiri amathamangira pamenepa chifukwa magetsi azima, kenako mabawuti amazuka.

Mukatero yezani ndi levulo. Pakati pa konkire ndi felemu ikani mphira zoletsa kunjenjemera, zogwirizana ndi kulemera kwa makinawo. Zidutswa za matayala kapena patapata ayi ndithu, zimaphwatalala msanga. Koma suzumirani kaye pansi: majenereta ambiri amabwera kale ndi mphira pakati pa injini ndi felemu. Zikakhala choncho, ingomangani felemu pa konkire ndi mabawuti.

Chomwe anthu amaiwala ndi mapaipi. Ya utsi ikhale ndi kachigawo kofewa kotha kupindikapindika pafupi ndi injini, ya mafuta ikhale yofewa, mawaya asakokeke. Paipi yolimba yomangidwa kukhoma imatenga kunjenjemera konse n'kukalowetsa m'nyumba.

Mukamaliza, lizani jenereta n'kuika kapu ya madzi pa konkire. Madzi akamadumpha, mwina mphira zapanikizika kapena bawuti ina yakhudza chitsulo chomwe chimayenera kukhala pa mphira. Pakatha sabata, mangitsaninso mabawuti onse.