Kupeza Malo Abwino Osambirira ndi Snorkel Sitima Ikaima pa Chilumba

Snorkel ndi kapaipi kopumira posambira nkhope ili m'madzi, mukuonerera nsomba. Sitima ya alendo ikakocheza padoko la chilumba, kawirikawiri imangokhalapo maola 6 mpaka 9. Pamenepo chotsanipo nthawi yotsika, ya pamsewu popita ndi pobwera, komanso ola lathunthu losungira za mwadzidzidzi. Otsalawo, mwina maola 3 kapena 4, ndiwo anu a pagombe. Nthawi yochepa chonchi siilola kuyesa malo awiri kapena atatu, choncho gombe loyamba lomwe mwasankha liyenera kukhala loyenera. Zosankhira zake ndi ziwiri: mphepo ya tsikulo ndi wotchi. Kutchuka kwa dzina la gombe kumabwera pambuyo, chifukwa malo okongola pa zithunzi amatha kukhala ovunduka tsiku lomwe mwafika, pamene kuseri kwa chilumba chomwecho madzi ali mbee, nsomba zikuoneka mpaka pansi.

Yambani ndi mphepo

Ku Caribbean, pafupifupi chaka chonse mphepo imachokera kum'mawa kapena kumpoto chakum'mawa. Gombe loyang'ana kumeneko limamenyedwa ndi mafunde usana ndi usiku, mchenga umavunduka, ndipo mukaviika nkhope simuona ngakhale dzanja lanu. Gombe lakumadzulo limatchingidwa ndi chilumba chenichenicho, ndiye kumakhala bata. Pa chilumba cha Cozumel ku Mexico pafupifupi malo onse osambirira ndi snorkel ali kumadzulo, komwenso kuli madoko a sitima. Kum'mawa mafunde ake ndi aukali. Ku Bonaire n'chimodzimodzi, ndipo kumeneko anachita kuika miyala yopakidwa utoto wachikasu m'mbali mwa msewu, uliwonse wolembedwa dzina la malo olowera m'madzi. Ku Curaçao gombe labata ndi lakumwera chakumadzulo, ku Aruba pitani cha ku Boca Catalina ndi Malmok.

Lamulo limeneli limasokonekera kuyambira Novembala mpaka Malichi. Namondwe wa kutali kumpoto amatumiza mafunde ataliatali omwe amazungulira chilumba n'kulowa m'magombe akumpoto ndi akumpoto chakumadzulo, ngakhale tsiku loti kulibe mphepo n'komwe. Ku Grand Cayman mafunde oterewa amatha kulepheretsa maboti otenga anthu kusitima kuwatsitsa padoko la George Town. Ku Shark's Cove, kumpoto kwa chilumba cha Oahu ku Hawaii, madzi amakhala ngati a m'beseni m'miyezi yotentha, koma cha mu Disembala ndi Januwale munthu sayenera kuyandikirako. Choncho dzulo lake tsegulani pulogalamu ya zanyengo monga Windy, muone zinthu zitatu: komwe mphepo ikuchokera, komwe mafunde akuchokera, ndi masekondi apakati pa funde ndi linzake. Akapitirira masekondi 10, mafundewo ndi amphamvu kuposa mmene akuonekera, ndipo amatakasa mchenga mpaka pansi. Sankhani gombe lomwe lafulatira zonsezo.

Mvula nayo iwerengereni. Ngati kwagwa mvula yamphamvu dzulo lake, pewani gombe lililonse lomwe lili pafupi ndi pomwe mtsinje kapena ngalande ikuthira m'nyanja, chifukwa matope amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti adikhe. Zilumba zouma ngati Bonaire, Curaçao ndi Aruba zilibe mitsinje yoyenda chaka chonse, n'chifukwa chake madzi ake amayera kwambiri.

Chithunzi cha setilaiti chimakuuzani zambiri musanaponde mchenga, bola mudziwe kuwerenga mitundu. Tsegulani Google Maps, muike pa setilaiti, mukulitse gombelo. Pomwe madzi akuoneka owala, obiriwira motuwa, pansi pake ndi mchenga wokhawokha: pabwino kusewera, koma nsomba n'zochepa. Madontho akuda kapena ofiirira, a m'mbali mokhotakhota, ndi miyala ndi makorali (zamoyo zam'nyanja zomwe zimamanga matanthwe), ndipo ndi amene mukufuna. Chigawo chachikulu chobiriwira moderako, chosalala ngati kapeti, ndi udzu wam'nyanja, komwe akamba amadya. Mzere womwe mtundu ukusinthira mwadzidzidzi kukhala wabuluu wakuda ndi phompho. Yezani mtunda kuchokera pamchenga kukafika pa madontho akudawo. Mamita 30 mpaka 100 ndi abwino kwa munthu wosambira mwapakatikati. Kupitirira mamita 200 ndi ulendo wofunika boti. Kawirikawiri miyala imakhala kumapeto kwa gombe, kumanja kapena kumanzere komwe thanthwe likulowa m'nyanja, osati pakati pomwe pali mipando ndi maambulera. Ku West Bay pa chilumba cha Roatán, mwachitsanzo, makorali ali pafupi kwambiri ndi mchenga cha kumapeto akumwera kwa gombelo.

Pa chithunzipo yang'ananinso mzere woyera wa thovu chapatali ndi gombe. Umenewo ndi mpanda wa makorali womwe umaswa mafunde, ndipo mkati mwake mumakhala bata. Koma pomwe mzerewo wadukiza pali mpata, ndipo madzi onse omwe mafunde akuthira mkati amatulukira pamenepo mothamanga. Lembani malo amenewo m'mutu kuti musayandikireko. Zithunzi zimenezi zijambuleni pa sikirini mukadali ndi intaneti, chifukwa mapu osungidwa mu foni sasunga chithunzi cha setilaiti.

Zomwe anthu analemba zaka zisanu zapitazo musazidalire kwambiri. Matenda opha makorali olimba omwe anayamba kuoneka ku Florida mu 2014 afalikira m'zilumba zambiri za ku Caribbean. Mphepo zamkuntho za Irma ndi Maria zinaphwanya makorali osaya ku Virgin Islands mu 2017, ndipo kutentha kwa madzi kwa mu 2023 ndi 2024 kunadwalitsa makorali n'kuwasandutsa oyera m'nyanja zambiri padziko. Kuyambira 2011, zomera zoyandama zotchedwa sargassum zimaunjikana m'magombe oyang'ana kum'mawa, makamaka kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, n'kuwolerapo. Munthu wodziwa zenizeni za sabata imeneyo ndi wa pashopu yobwereketsa zida zosambirira pansi pa madzi, ndipo mashopu otere sasowa pafupi ndi doko. Mufunseni kuti lero madzi ayera kuti, akukokera mbali iti, ndipo polowera ndi potulukira pali pati. Woyendetsa takisi angakuthandizeni za msewu, koma ena amakutengerani kugombe komwe eni malo amawapatsa kangachepe.

Werengerani nthawi chobwerera m'mbuyo

Apa ndi pomwe anthu amasiyidwa. Sitima imadikira okhawo omwe apita pa ulendo wogulidwa m'sitima momwemo. Mukadziyendera nokha n'kuchedwa, imanyamuka. Nthawi yoti onse akhale atakwera imakhala pafupifupi mphindi 30 isananyamuke. Tinene kuti inyamuka 5 koloko madzulo: onse akhale mkati pofika 4:30, inu mukhale padoko 3:30, ndipo ngati msewu ndi wa mphindi 40, chokani pagombe 2:30, popeza masana magalimoto amathithikana anthu a sitima zonse akamabwerera nthawi imodzi. Padoko lomwe sitima imaima patali n'kumatsitsa anthu pa maboti, monga George Town, funsani nthawi ya boti lomaliza, ndipo dziwani kuti mzere wake umatalika.

Wotchi ya m'sitima nthawi zina imasiyana ndi ya pachilumba ndi ola lathunthu, ndipo foni imadzisinthira yokha ku nthawi ya pachilumba. Valani wotchi yosalowa madzi yotcheredwa pa nthawi ya sitima. Jambulaninso pepala la ndondomeko ya tsikulo, lomwe limakhala ndi nambala ya woimira sitima padoko. Ngati gombe lili kwakutali komwe matakisi saima, panganani ndi woyendetsa nthawi yodzakutengani, ndipo ndalama ya ulendo wobwerera mudzampatse pobwererapo.

Ulendo wosinthasintha zokwera ndi umene umadya nthawi. Ku US Virgin Islands, kuchokera pa chilumba cha St. Thomas kupita ku Trunk Bay pa chilumba cha St. John, komwe kuli kanjira ka zikwangwani pansi pa madzi, mukwera takisi mpaka Red Hook, boti la mphindi pafupifupi 20 mpaka Cruz Bay, kenako takisi ina. Ngati sitima ikuima maola ochepera 8, ndi bwino kungopita ku Coki Beach pa St. Thomas pomwepo. Madoko ena ali ndi malo abwino pakhomo penipeni: Eden Rock ku George Town mumafikako wapansi, Carlisle Bay ku Barbados ili ndi zombo zomira pafupi ndi gombe ndipo siili kutali ndi doko la Bridgetown, ndipo ku Kralendijk, doko la ku Bonaire, kuli maboti owolotsa anthu kupita pa kachilumba ka Klein Bonaire. Hanauma Bay ku Oahu imafuna kusungitsa malo pa intaneti, ndipo imatsekedwa Lolemba ndi Lachiwiri. Kulikonse kumene mukupita, tsikani m'gulu loyamba. M'mawa mphepo imakhala isanadzuke, ndipo mchenga umakhala usanavundulidwe ndi mapazi a anthu.

Mukafika pagombe

Musathamangire m'madzi. Imani pamalo okwera kwa mphindi 10 mukungoyang'ana. Onani komwe maboti omangidwa aloza ndi komwe osambira anzanu akutengekera akangoyandama. Onani mbendera za opulumutsa anthu. Yofiira ikutanthauza kuti musalowe. Mukaona kanjira ka madzi akuda kapena amatope komwe mafunde sakusweka, thovu ndi zinyalala zikupita kunyanja, amenewo ndi madzi okokera kutali. Akakugwirani musalimbane nawo polunjika kumtunda, mungatope pachabe. Yandamani, sambirani chopingasa motsata gombe mpaka atakusiyani, kenako bwererani, ndipo kwezani dzanja kuitana thandizo.

Sankhani potulukira musanalowe, ndi pena pachiwiri kumunsi kwa komwe madzi akukokera. Gombe limaoneka mosiyana mukakhala m'madzi, ndiye gwirani chizindikiro chachitali, kaya mtengo kapena denga la mtundu wowala. Yambani kusambira molimbana ndi madzi oyenda motsata gombe mukadali ndi mphamvu, kuti pobwerera akuthandizeni. Ku Cozumel madzi nthawi zambiri amayenda kuchokera kumwera kupita kumpoto, choncho ena amalowera kumwera n'kutulukira pa makwerero a kumpoto. Ku zilumba zambiri za Pacific ndi Indian Ocean nyanja imakwera ndi kuphwa kwambiri kuposa ku Caribbean: madzi akaphwa makorali amatsala pang'ono kutulukira pamwamba, n'kumakukhulani pamimba. Lowani madzi atatsala pang'ono kufika pachimake pokwera, ndipo tulukani asanayambe kuthamangira kunja.

Magombe ambiri a makorali abwino alibe mchenga, ali ndi thanthwe lakuthwa ngati lumo, ndiye nsapato za labala n'zofunika. Zipsepse za kumapazi muzivalire m'madzi ofika m'chiuno. Mukavalira kumtunda, yendani chafutambuyo. Pamchenga khwekhwerezani mapazi kuti nsomba ya stingray yobisala ithawe musanaiponde. Komwe kumadutsa maboti, khalani mkati mwa zingwe zoyandama kapena kokani chibaluni chowala, chifukwa woyendetsa boti saona mutu wa munthu pakati pa mafunde. Musalowe nokha, ndipo mnzanuyo muzimuyang'ana mphindi iliyonse.

Magalasi osambirira, ophimba maso ndi mphuno, anuanu ndi abwino kuposa obwereka. Poyesa, agunditseni kunkhope osavala lamba, mukokere mpweya pang'ono ndi mphuno. Akakakamira osagwa, akukwanani. Akamalowa madzi, vuto nthawi zambiri ndi tsitsi lopanika m'mphepete, ndevu zapamlomo, kapena lamba wothina kwambiri yemwe wapinda labala. Magalasi atsopano amachita nthunzi chifukwa cha mafuta a kufakitale: akwecheni mkati ndi mankhwala otsukira mano, mutsukuluze, ndipo musanalowe pakani kadontho ka shampu ya ana kapena malovu. Madzi akalowa mu snorkel, uzirani kamodzi mwamphamvu. Zovala zophimba nkhope yonse, makamaka zotchipa, zimatha kusunga mpweya womwe mwatulutsa kale, choncho musasambire nazo mothamanga. Mukayamba kubanika, kufooka mwadzidzidzi kapena chizungulire, chotsani snorkel, gonani chagada, uzani mnzanu, mutuluke nthawi yomweyo. Jekete yoyandamitsa ivaleni ngati simudzidalira.

Msana ndi kuseri kwa miyendo zimapsa ndi dzuwa inu osamva, ndiye malaya osambirira a manja aatali amateteza kuposa mafuta. Mafutawo werengani zomwe alimo: ku Hawaii analetsa kugulitsa okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira Januwale 2021, ndipo Palau ndi US Virgin Islands analetsa mu 2020. Ku Bonaire nyanja yonse yozungulira chilumba ndi malo otetezedwa kuyambira 1979, ndipo pali chindapusa cha chilengedwe chomwe bungwe la STINAPA limatolera. Funsani zomwe zikukhudza alendo a sitima musanalowe m'madzi. Korali ndi chamoyo ndipo imakula masentimita ochepa pa chaka, kotero musaimepo ngakhale mutatopa, pezani pamchenga. Nsomba musazipatse buledi, kamba musamuyandikire kuposa mamita 3, ndipo zigoba zisiyeni pomwe mwazipeza.

Mukabayidwa ndi minga ya sea urchin, kachilombo kam'nyanja kobulungira kaminga thupi lonse, viikani malowo m'madzi otentha omwe khungu lingapirire, pafupifupi madigiri 45, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, muzule minga yoonekera mosamala chifukwa imathyoka. Yolowa pamfundo ikaonedwe ndi dokotala wa m'sitima. Korali yomwe imatentha khungu, ya mtundu wachikasu moderako ndi nsonga zoyera, ikakukhudzani tsukani ndi madzi a m'nyanja kapena viniga, osakhula komanso osathira madzi akumwa. Bala lochekedwa ndi korali limatukusira msanga m'nyengo yotentha: litsukeni ndi sopo ndi madzi oyera ambiri mpaka tizidutswa tonse titachoka, ndipo likayamba kufiira kapena kutupa mawa lake, pitani kuchipatala cha m'sitima tsiku lomwelo.