Mavidiyo a pa YouTube ndi pulesi yodzazira zipolopolo: mmene ine ndimawagwiritsira ntchito

Loweruka lapitali mlamu wanga anandipeza mu galaja kwathu ku Turffontein, ku Johannesburg, ndili pa benchi, ndikutsuka makesi (zigoba za zipolopolo zowombedwa kale), ndiye akuti "alamu, ine zimenezi ndaonera mavidiyo opitirira 20, ndazigwira bwinobwino, tandipatseni handulo ya pulesiyo ndiyeseko". Ndinangoseka kenako ndikumufunsa kuti laisensi ya mfuti muli nayo kodi alamu? Zii. Ndiye tiyambire pomwepo abale, chifukwa vidiyo ya mzungu waku Texas singakuuzeni zimenezi.

Kuno ku South Africa nkhani za mfuti zimayendera Firearms Control Act ya chaka cha 2000. Lamulo limeneli limalola munthu amene ali ndi laisensi kudzazira yekha zipolopolo, koma za mfuti yake yomwe ili pa laisensiyo basi, osati zogulitsa, osati zopangira mnzanu wa ku tchalitchi. Pali malire a mapraima (tizitsulo ta pansi pa kesi timene timayatsa onga) 2400 ndi zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse, pokhapokha ngati muli ndi dedicated status ya alenje kapena owombera za masewera. Ndipo kuti mufike pa laisensipo muyambe mwapeza competency certificate, chikalata chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, imene imafuna kuti mukhale nzika ya kuno kapena mukhale ndi permanent residence, zaka 21 kupita mtsogolo. Ambirife a ku Malawi tili kuno pa mapepala ena, ndiye ngati ndinu mmodzi mwa iwo nkhani yathera pomwepa, oneranitu mavidiyowo ngati filimu. Kupezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi opanda laisensi ndi mlandu woti mutha kukhala nawo mkati mpaka zaka 15. Ine ndinakhala kuno zaka zambiri ndisanayambe nkomwe kulota za mfuti, ndipo mafomu onse ndinadutsira kwa DFO, wapolisi woona za malaisensi a mfuti, wa pa polisi ya kudera kwathu ngati wina aliyense.

Tsopano kwa inu amene mapepala ali bwino. Kodi mavidiyo amathandiza? Eya amathandiza, ndisaname, koma pa zinthu zina zokha.

Pamene vidiyo imaposa buku ndi pa kuona kuti chinthu chikuyenda bwanji. Ine nditagula pulesi yanga, ya single stage (yogwira ntchito imodzi pa kukoka kamodzi) ya kampani ya Lee, ndinawerenga kapepala kobwera mu bokosi katatu konse osamva kuti dai, chitsulo chimene kesi imalowamo pamwamba pa pulesi, imamangidwa mpaka pati, mawu ake anali ngati a loya. Nditaona munthu akukweza ram (chitsulo chokankha kesi mmwamba) mpaka pamwamba, kupotokola dai mpaka igunde shell holder (kogwirira kesi), kenako kumanga loko, mphindi ziwiri zokha ndinamvetsa. Chimodzimodzi ndondomeko yonse, kutsuka kesi, kuipaka mafuta, kuibweza pa saizi yake uku praima yakale ikutuluka, kuyeza kutalika ndi kachida koyezera kotchedwa vernier, kuika praima yatsopano, onga, kenako mutu wa chipolopolo. Ukaona ndi maso kawiri katatu imakhazikika m'mutu.

Ndiye posankha vidiyo, sakani ya pulesi yomweyo imene muli nayo, dzina ndi model yake. Musaonere munthu wa pulesi ya Dillon progressive imene imagwira ntchito zinayi pa kukoka kamodzi inu muli ndi ka single stage, mungosokonezeka. Ndipotu ngati mukuyamba kumene ine ndingati yambani ndi single stage, ndi yochedwa inde koma chilichonse chimachitika maso anu akuona. Yambani ndi mavidiyo a kampani imene inapanga pulesiyo, a Lee, RCBS, Hornady onse ali nawo, ndi otopetsa, mulibe nyimbo mulibe nthabwala, koma sadumpha sitepe. Aja oti munthu akufuula "zipolopolo 500 pa ola limodzi!" asiyeni kaye. Vidiyo imene mwasankha muonere yonse mpaka kumapeto musanagwire chilichonse, kenako muonerenso kachiwiri muli ndi kope ndi bolopeni, mukulemba masitepe m'mawu anuanu. Kopelo ndi limene mupite nalo pa benchi.

Kanthu kena, mukapeza vidiyo yabwino pangani dawunilodi pa WiFi ya kuntchito. Osati chifukwa cha data yokha ayi, ngakhale nayo ikudya ndalama ngati chiswe. Mu 2018 YouTube inakhwimitsa malamulo pa mavidiyo ophunzitsa kupanga mfuti ndi zipolopolo, ndiye ena amangosowa, lero ilipo mawa kulibe, ndipo ena opanga mavidiyo amadula dala magawo ena kuopa kutsekeredwa. Inu mumaona ngati mwaonera zonse pomwe pakati pachotsedwa chinthu.

Kudula kumeneku ndi kumene kunandipweteka ine sabata yoyamba. Mu vidiyo imene ndinkatsatira, bamboyo anangoti "makesi anga ndapaka kale mafuta" mwachangu ngati akutsokomola, ine osamva. Ndinalowetsa kesi ya .308 youma mu dai, handulo inalimba, ine poti ndine mwamuna ndinakanikiza ndi mphamvu zonse, pobweza ndinangomva kuti thwa, mkombero wa pansi pa kesi wang'ambika, kesi yatsalira mkati mwa dai nganganga. Usiku wonse ndinalimbana nayo ndi pulayala mpaka kukanda dai yatsopano. M'mawa ndinapita nayo ku kalabu yathu yowombera, kuli mdala wina wachibunu amene wakhala akudzaza zipolopolo ine ndisanabadwe, anaiyang'ana, kundiyang'ana ine, ndikufunsa kuti pamene handulo inalimba unapitiriza chifukwa chiyani? Ndinalibe yankho.

Apa ndi pamene vidiyo imathera mphamvu. Dzanja. Kamera singakuonetseni kusiyana kwa handulo imene ikulimba bwino ndi imene ikukuuzani kuti imani pali vuto. Praima ikamalowa pamalo pake pali kakumva kena kake kofewa kenako kuima, ikalowa mosavuta kwambiri ndiye kuti kesiyo yatopa itayeni, ikakana musakakamize chifukwa kanthu kameneko kamaphulika. Mdala uja anandikhazika pa benchi yake Loweruka ziwiri, iye akudzaza zake ine ndikuyang'ana, kenako pa pulesi yanga anandigwira dzanja ngati mwana wa sitandade 1 akuphunzira kulemba. Ndi iyenso anandiuza kuti ndiziunika mkati mwa kesi iliyonse yotola ku range kumene timawombera, ngati pansi pali timabowo tiwiri m'malo mwa limodzi pakati, imeneyo ndi Berdan, makesi ambiri akale a asilikali ndi otero, ndipo imathyola kapini kochotsera praima nthawi yomweyo. Mavidiyo aku America satchula kawirikawiri chifukwa kwawo pafupifupi zonse ndi Boxer, za bowo limodzi.

Ndiye musanagwire onga, pangani ma dummy. Kesi ndi mutu basi, opanda praima opanda onga, khumi kapena kuposa, mpaka kutalika kuzituluka kofanana pa vernier. Apa foni ikhoza kukhala pambali panu, imitsani vidiyo, bwezani mmbuyo, yerekezani, palibe chingaphulike. Muwalembe ndi maka kuti asadzasakanikirane ndi zenizeni.

Koma tikafika pa manambala a onga abale ndimvereni bwino. Nambala ya pa vidiyo, ya pa Facebook, ya pa gulu la WhatsApp, ngakhale ya mnzanu amene mumamukhulupirira, musaitenge. Nambala imachokera mu buku kapena tebulo la kampani imene inapanga ongawo, pa mtundu womwewo wa onga, kulemera komweko kwa mutu, ndipo mumayambira pa start load, muyezo woyambira, kukwera pang'onopang'ono, osadutsa maximum. Anzathu aku America amakamba za onga wa Varget ndi H4350, pomwe kuno ambiri tinazolowera Somchem yopangidwa ku Cape kufupi ndi Somerset West, monga S335 ndi S365 za mfuti zazitali ndi MP200 ya pistol, ena amagula Vihtavuori yaku Finland. Onga uliwonse umayaka pa liwiro lake, ndiye kutenga nambala ya uwu kuika pa uwo ndi kuika nkhope yanu pa chiswe. Komanso muyezo wake ndi ma grain osati magalamu, galamu imodzi ndi ma grain 15 ndi kakanthu, ndiye taganizani munthu amene sikelo yake ya digito yasintha yokha kupita pa magalamu iye osaona. Ine ndili ndi sikelo ziwiri, ya batire ndi yakale ija ya mtanda, imodzi imalondera inzake, ndipo masiku a load shedding aja yakaleyo ndi imene inkagwira ntchito, ngakhale kunena zoona kukada sindidzaza nkomwe.

Nthawi yothira onga foni izimitsidwe. Osati silent, kuzimitsa. Ine tsiku lina ndili pakati pa makesi 50 a 9mm mayi anaimba kuchokera ku Mzimba za ndalama ya feteleza, tinacheza mphindi khumi, nditabwerera ndinapitiriza mpaka kumaliza kuika mitu yonse, kenako mtima unayamba kugunda, kodi ija ndinasiyira ndinaithira kamodzi, kawiri, kapena sindinaithire? Pa pistol onga ndi wochepa moti kawiri umakwana mu kesi osasefukira, ndipo imeneyo imaswa mfuti m'manja. Yopanda onga nayo ndi yoopsa, praima yokha imakankha mutu kukaima pakati pa mpope, mukawomba yotsatira ndi ngozi. Ndinamasula zonse 50 ndi kahamala kaja kochotsera mitu, imodzi imodzi mpaka 11 koloko usiku, madam akungondiyang'ana pa khomo la galaja. Kuyambira pamenepo makesi onse ndimawaimika mu thireyi, ndikathira ndimaunika ndi tochi mzere ndi mzere kuona kuti onga wafika pofanana, ndiye kenako mitu.

Zina ndi zazing'ono koma mavidiyo ambiri sazilabadira: magalasi otchinga maso nthawi zonse, chitini chimodzi chokha cha onga pa benchi ndipo wotsala ubwerere mu chitini chake chomwecho, fodya ndi hita kutali, kusamba m'manja musanagwire nsima chifukwa fumbi la mapraima akale lili ndi mtovu, ana asalowe. Bokosi lililonse mulembe deti, onga wanji, ma grain angati, mutu wanji.

Mlamu uja ndinamupatsa mpando ndi magalasi, anakhala pambali kuonerera mpaka ndinamaliza, ali ndi mafunso ambirimbiri ena anzeru ndithu, zikuoneka kuti mavidiyo 20 aja sanapite pachabe. Handulo yokha sindinamupatse. Akuti akayamba kaye wafunsa za mapepala ake ku Home Affairs.