Mawu akuti hardship amatsegula zitseko ku Britain

Kwathu munthu akafunsidwa kuti muli bwanji, amayankha kuti ndili bwino ngakhale m'nyumba mulibe ufa. Ulemu umenewu umatipweteka tikafika ku Britain, chifukwa kuno amathandiza munthu amene walitchula vuto lake ndi dzina, ndipo dzinalo ndi hardship.

Mawuwa analipo kale cha m'ma 1200. Analumikiza hard, kutanthauza cholimba, ndi -ship, kachidutswa kosonyeza mmene chinthu chilili, komweko kali mu friendship. Poyamba ankanena za kulimba, kenako anadzakhala umphawi woluma: lendi yakanika, chakudya chatha, nyumba ikuzizira mu Januwale.

Kalata ya ngongole ikabwera, musaiponye m'dirowa. Imbirani banki kapena kampani ya magetsi, munene kuti "I am in financial hardship." Ambiri ali ndi antchito apadera a nkhani zotere, ndipo angathe kukulolani kulipira pang'onopang'ono. Koma pakamwa pokha sipakwanira. Konzani masitetimenti a kubanki, mapepala a malipiro ndi kalata ya lendi. Ophunzira afunse za hardship fund, thumba la ndalama zothandiza ophunzira amene ali pa mavuto, kuyunivesite kwawo. M'mayunivesite ambiri ngakhale ochokera kunja amaloledwa kupempha.

Pali msampha umene umandidetsa nkhawa. Ngati viza yanu ili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira ndalama zina za chithandizo cha boma, Universal Credit (ndalama zimene boma limapatsa anthu opeza zochepa kapena osagwira ntchito) si yanu, ndipo hardship payment, yomwe imaperekedwa kwa amene wadulidwa Universal Credit, si yanunso. Kulandira ndalama zoletsedwa kungakuonongereni viza. Musanasayine fomu iliyonse, pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu, salipiritsa. Ngati muli ndi ana ku England, khonsolo ikhoza kuthandiza banjalo kudzera mu gawo 17 la lamulo loteteza ana lotchedwa Children Act ya 1989, ngakhale viza ili ndi mawu aja.

Achimwene ndi achemwali amene mumayendetsa galimoto kukasamalira okalamba m'makomo mwawo, mvetsani apa. Mapointi a chilango amene amaikidwa pa laisensi mukaphwanya malamulo a pamsewu akafika 12 m'zaka zitatu, khoti limakuletsani kuyendetsa kwa miyezi yosachepera 6, pokhapokha mutasonyeza exceptional hardship, kutanthauza mavuto aakulu koposa amene chiletsocho chingabweretse. Kungoti ntchito indithera kawirikawiri sikukhutiritsa majisitireti. Fotokozani amene adzavutike chifukwa cha chiletsocho: mwana wodwala amene mumapita naye kuchipatala, kapena agogo amene amadikira inu m'mawa uliwonse kuti muwadzutse ndi kuwapatsa mankhwala, ndipo mupite ndi makalata otsimikizira.