Momwe mungaphunzitsire ana aang'ono kumene chakudya ndi zovala zimachokera

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 6, amakhala pa tauni ya Ulongwe. Tsiku lina tikudya mbatatesi yokazinga ndinamufunsa kuti, "Iwe, mafuta aphikira amayi akowa amachokera kuti?" Anayankha msangamsanga kuti kugolosale. Nanga akugolosalewo amawatenga kuti? Akuti pa galimoto. Nzeru zake zinathera pomwepo.

Zinandikhudza mtima, chifukwa agogo ake a mwanayu amalima soya ku Domwe, ndipo yunifolomu imene amavala kusukulu inagulidwa ndi ndalama ya soyayo. Kuno ku Angonia, Tsangano ndi Macanga ndi kumene chigawo cha Tete, muno m'Mozambique, chimadalira pa chakudya, koma tikulera ana odziwa botolo ndi pepala la pulasitiki, osadziwa mbewu imene yalowamo. Ena amaona munda ngati malo a chilango. Zimene ndalemba apazi ndakhala ndikuchita ndi ana a zaka 4 mpaka 8, ndipo sizifuna ndalama kapena buku.

Choyamba: yambirani pa mbale, muzibwerera m'mbuyo

Ambirife timalakwitsa poyambira kumunda. Timamuonetsa mwana mzere wa chimanga n'kuyamba kufotokoza za feteleza ndi kupalira, iye maso ali pa chiwala. Mwana wamng'ono amasamala za chimene chili m'kamwa mwake. Choncho sankhani chinthu chimodzi chimene wadya lero, mumufunse funso limodzi lokha: "Chisanakhale chonchi, chinali chiyani?" Akayankha, bwerezani funso lomwelo. Nsima inali ufa. Ufa unali mphale. Mphale inali chimanga cha m'nkhokwe. Cha m'nkhokwecho chinali pa phesi kumunda, ndipo phesilo linali njere imodzi imene amayi anaponya m'phando mvula yoyamba itagwa.

Musamuuze mayankho onse. Akakakamira, nenani kuti mawa tikaone, ndipo mupitedi. Chinthu chimodzi pa sabata n'chokwanira.

Chachiwiri: mutsate naye nsima mpaka ithe

Pano ndiye pofunika kuchedwapo, chifukwa mwana akamvetsa ulendo wa chimanga, zina zonse amazimvetsa mosavuta.

Mupatseni chitsononkho chouma chokhala ndi njere zake, atonole yekha ndi zala. Aona kuti zala zimapweteka, ndipo aona kuchepa kwa chimanga chotuluka pa chitsononkho chimodzi. Ngati pakhomo pali mtondo, thiranimo pang'ono, muwaze madzi, mukonole iye akuona. Mumulole agwire munsi kawiri katatu inu mutagwira pamwamba. Popeta, muuzeni aike dzanja m'gaga, kenako akamwaze yekha kwa nkhuku. Apo waphunzira kale kuti dzira limene amadya lili pa ubale ndi chimanga.

Tsiku lopita kuchigayo mutengeni. Aime chapatali chifukwa cha malamba ndi fumbi, koma aone chimanga chikulowa kumwamba, ufa ukutuluka kumunsi. Mukabwera, ikani ufa woyera ndi mgaiwa m'mbale ziwiri, aukhudze, aununkhize, anene kusiyana kwake. Mufotokozereni kuti mgaiwa ndi chimanga chonse chogayidwa ndi khungu lake ndi kamtima kake komwe, n'chifukwa chake uli ndi chakudya chambiri, pamene ufa woyera unakonoledwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo, n'kuyanikidwa pa mphasa.

Koma chimene chimawasangalatsa ana koposa ndi ndevu za chimanga. Mu February kapena March, chimanga chikamasula, pitani naye kumunda m'mamawa. Gwedezani ngayaye pa pepala lakuda kapena pa chikhatho, aone kafumbi kachikasu kakugwa. Ndiye mumuonetse ndevu. Ulusi uliwonse wa ndevuzo umalowa m'kati mpaka pa njere imodzi. Kafumbi kaja kakagwera pa ulusiwo, njere imakhwima; kakapanda kugwerapo, pamakhala mpata. Mukadzapeza chimanga chokhala ndi mipata ngati mano a agogo, mufunseni chimene chinachitika. Mwana wa mchemwali wanga uja anafotokozera anzake nkhani imeneyi kwa sabata yathunthu, ndipo kuyambira pamenepo sathothola ndevu za chimanga posewera.

Chachitatu: akhale ndi kamunda kake

Kasakhale kakakulu. Malo otalika mapazi atatu a munthu wamkulu mbali zonse akwana, ndipo amene ali pa lendi ku Moatize kapena mumzinda wa Tete angagwiritse ntchito ndowa yobooka kapena thumba la simenti lotsukidwa bwino. Chofunika n'chakuti mwanayo adziwe kuti n'kake, ndipo zokolola zake zidzaphikidwa padera, banja lonse n'kulawa.

Yambani ndi nyemba, chifukwa sizichedwa. Ikani njere zingapo m'botolo loonekera m'kati, pakati pa khoma la botolo ndi kansalu konyowa. Pasanathe sabata muzu umatuluka n'kuloza pansi, kenako mphukira imaloza kumwamba. Tembenuzani botololo cham'mbali, patapita masiku awiri aone muzu utakhotanso kufuna pansi. Njere zina adzale m'dothi tsiku lomwelo kuti adziwe kuti zimene akuona m'botolo zikuchitikanso pansi pomwe maso sakufika.

Mbewu yachiwiri ikhale mtedza. Ana ambiri, ngakhale akulu ena, amaganiza kuti mtedza umabereka ku mizu. Ayi. Duwa lachikasu limamasula pamwamba, likafota limatulutsa kamsonga kamene kamaweramira pansi n'kuboola dothi, ndipo mtedza umakula kumapeto kwa kamsongako. Mwana amene wakaona kamsonga kameneka ndi maso ake amamvetsa chifukwa chake agogo amakalipa munthu akamaponda m'munda wa mtedza.

Kwa ife a kumapiri, mbatatesi ndi yosavuta: tengani imene yaphuka maso, akwirire yekha, patatha miyezi itatu kapena inayi afukule ndi manja, awerenge zimene zatuluka pa imodzi ija.

Chachinayi: za m'botolo ndi za m'pepala

Izi ndi zimene zimasokoneza ana, poti sizifanana n'komwe ndi mbewu imene zinachokera.

Za mafuta, kazingani mtedza, musinje mumtondo kupitirira pa nsinjiro mpaka ukhale chiponde chonyezimira. Pakani pang'ono pa pepala la kope, muliike padzuwa kapena pa nyali. Banga loonekera m'kati lija ndiwo mafuta. Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya mtedza ndi mafuta. Muuzeni kuti kufakitale makina amafinya soya, mpendadzuwa kapena zipatso za mtundu wina wa kanjedza mwamphamvu kuposa mtondo. Kenako tengani botolo la m'khitchini muwerenge limodzi. Zolembazo zimakhala m'Chipwitikizi, ndipo ndi mwayi wabwino: soja ndi soya, girassol ndi mpendadzuwa, palma ndi kanjedza uja. Mwana amene amayankhula Chichewa pakhomo n'kumaphunzira Chipwitikizi kusukulu amafunika kudziwa kuti milho wa m'buku ndi chimanga chomwechi cha m'nkhokwe, trigo ndi tirigu, algodão ndi thonje. Apo ayi, amayesa kuti za m'buku ndi za dziko lina.

Shuga ndi wosavuta. Atafune nzimbe kaye. Ndiye sinjani mfundo zingapo, mufinyire madziwo m'kapoto, muwiritse mpaka atsale madzi okhuthala akuda, omata. Akazizira alawe. Shuga wa m'pepala ndi madzi omwewo, owiritsidwa ndi kuyeretsedwa m'mafakitale monga a ku Marromeu ndi Mafambisse m'chigawo cha Sofala, kumene minda ya nzimbe maso sangaione malire. Masamba a tiyi amene timathira shugayo amalimidwa kumapiri a Gurué, ku Zambézia.

Buledi, kapena pau monga timanenera kuno, ali ndi nkhani imene ndimaikonda. Tirigu wambiri wophikira buledi m'dziko muno amachokera kunja, amabwera pa sitima za pamadzi n'kutsikira pa madoko ngati la Beira. Koma kuno kwathu, ku Tsangano, kumene kumazizira, alimi amalima tirigu. Ngati muli ndi wachibale kumeneko, mupempheni akubweretsereni ngala zingapo. Mwana afikise m'manja, auzire mankhusu, atafune njerezo kwa nthawi. Zimasanduka zomata ngati chingamu, ndipo kumata kumeneko n'kumene kumachititsa buledi kufufuma pamene chigumu cha ufa wa chimanga sichifufuma chimodzimodzi.

Chachisanu: chovala chimene wavala

Solani ulusi umodzi pa chitenje chakutha, muupotolole mpaka uoneke timaubweya tating'ono. Ikani pambali pake thonje, kaya la kumunda kaya logula kufamasi. Kokani thonjelo pang'onopang'ono mukulipota ndi zala pa ntchafu, aone likusanduka ulusi wolimba. Makolo athu ankapota ndi kuluka nsalu za thonje m'chigwa cha Zambezi kalekale, nsalu za m'sitolo zisanafale. Ngati mwapeza thonje la kumunda, achotsemo yekha njere zakuda zija, adziwe kuti ngakhale njerezo amayengera mafuta.

Muuzeni zoona kuti si chovala chilichonse chinamera. Majezi a mpira ndi zambiri za pa kaunjika ndi za pulasitiki yochokera ku mafuta okumba pansi. Munthu wamkulu atenthe kaulusi ka thonje ndi ka jezi: ka thonje kamanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa, ka jezi kamasungunuka n'kuuma ngati mkanda.

Za ziweto sindichulukitsa, poti ana amazikonda kale. Nkhuku ikayamba kufungatira, lembani naye mizere pa khoma, umodzi pa tsiku, mpaka 21. Aone kukama ng'ombe kamodzi kokha. Akhudze chikopa cha ng'oma, kenako nsapato yachikopa kapena lamba wa abambo ake. Ndipo mukagula kapenta, muuzeni kuti anagwidwa usiku ndi nyali pa nyanja ya Cahora Bassa, n'kuyanikidwa padzuwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kumsika ndi kwa agogo

Tsiku la msika mupatseni ntchito: asankhe zinthu zitatu, afunse yekha wogulitsa mwaulemu kuti, "Amayi, zimenezi zachokera kuti?" Adzamva kuti kabichi ndi wa m'dimba lapafupi, malambe ndi masau akwera kuchokera kumunsi kotentha, mchere wachokera kunyanja yaikulu. Mukafika kunyumba jambulani pansi ndi kamtengo: apa ndi kwathu, apa ndi Zambezi, uku ndi kunyanja, ndipo aike chinthu chilichonse pamalo pake.

Agogo ndiwo ali ndi mbali imene ife tilibe. Apempheni aonetse ana mapira ndi mawere, mphero ngati ikadalipo, ndi momwe amameretsera chimera cha thobwa. Ana okulirapo amadabwa akamva kuti mapira ndi mawere ndiwo mbewu zakale za kuno ku Africa, pamene chimanga chinachokera ku Mexico, mbatatesi kumapiri a Andes, mtedza ndi chinangwa ku South America, ndipo zinayamba kufika kuno kudzera pa sitima za amalonda kuyambira zaka za m'ma 1500.

Zoti musamale nazo

Apa ndikunenetsa. Mbewu yogula m'sitolo, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ija, ili ndi mankhwala. Mwana asaigwire, asaiike m'kamwa. Pa kamunda kake gwiritsani ntchito njere za pakhomo zosathira mankhwala. Chimodzimodzi chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe. Mtedza wachuku, wakuda kapena wowawa, mutaye, musapatse mwana ngakhale nkhuku, chifukwa chukucho chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi.

Za fodya. Mabanja ambiri kuno amadalira fodya, ndipo palibe cholakwika mwana kudziwa kuti ndalama ya malata a nyumba inachokera m'chigafa. Koma aonere patali. Tsamba laliwisi, makamaka lonyowa ndi mame, limalowetsa chikonga m'thupi kudzera pa khungu, ndipo mwana amayamba chizungulire ndi kusanza. Kusoka fodya, kupopera mankhwala ndi kunyamula mitolo si phunziro, ndi ntchito ya akulu. Mwana akajomba kusukulu chifukwa cha kumunda, kapena akalira kuti watopa inu n'kumuumiriza, dziwani kuti mwachoka pa zimene tikukambazi. Mphindi 20 zakwana, ndipo muzilekeza iye akadafuna.

Nthawi yoyambira ndi iliyonse, kungoti mutsate nyengo. Mvula ikayamba mu November kapena December, dzalani kamunda kaja. February ndi March ndi wa ngayaye ndi ndevu. April mpaka June ndi wokolola, kutonola ndi kusinja chiponde. M'chilimwe pitani kudimba, ndipo za shuga, thonje ndi zolemba za pa botolo muzisungire masiku amene kunja kulibe chomera.