Ma earbuds ongoimitsa nyimbo mukangowakhudza: mmene ndimawawetera

Ndikagula ma earbuds atsopano, timahedifoni topanda waya tolowetsa m'khutu tija, chinthu choyamba chimene ndimachita ndi kuchotsa ntchito ya kugogoda kamodzi pamalo pokhudza ndi chala powalamulira. Mavuto ambiri amachokera pamenepo. Mumangofuna kukankhira kachipangizoko m'khutu kuti kakhale bwino, nyimbo yaima. Muli pafoni, mwati mukande khutu, mnzanu uja mwamudula.

Pamalo pokhudza paja si batani ayi. Pansi pake pali kasensa kamene kamamva kusintha kwa magetsi khungu likayandikira, monga imachitira sikirini ya foni. Sikasiyanitsa chala ndi chikhatho kapena tsitsi lonyowa. Madzi amadutsitsa magetsi, n'chifukwa chake thukuta ndi madontho a mvula zimakasokoneza, pomwe chala chovala golovesi yaubweya sikachimva n'komwe.

Ndiye yambani ndi app ya kampani imene inapanga ma earbuds anuwo. A Samsung ali ndi Galaxy Wearable, momwe muli posankha kuti kukhudza konse kutsekedwe. A Sony ali ndi Sound Connect, yomwe kale inkatchedwa Headphones Connect, ndipo imalola kuti khutu limodzi mulisiye lopanda ntchito iliyonse. App ya Soundcore imakulolani kusankha zoti zichitike mukagogoda kamodzi, kawiri kapena mukagwira kwa kanthawi. Anga ndinawakonza chonchi: lakumanzere silichita kanthu, lakumanja kugogoda kawiri kumaimitsa ndi kuyambitsanso nyimbo, basi. Voliyumu ndimakweza pafoni. Zoti munthu uloweze malamulo onse aja pa kamalo kosakwana chikhadabo, ine ayi.

Ambiri otsika mtengo alibe app, choncho chofunika kuphunzitsidwa ndi dzanja lanu. Sensa nthawi zambiri imakhala kunja pamalo osalala, pomwe pali chizindikiro cha kampani. Mukafuna kukonza kachipangizoko, katsineni m'mbali ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kukapotoza pang'ono, osati kukakankha chapakati. Pogogoda gwiritsani ntchito mnofu wa chala, osati chikhadabo.

Ndipo mukagogoda, dikirani. Apa ndi pomwe anthu ambiri amakwiyira chabe. Kachipangizoko kamayamba kadikira kanthawi kochepa kuti kaone ngati kugogoda kwachiwiri kukubwera, kenako n'kutumiza uthenga ku foni kudzera pa Bluetooth. Inu mukaona ngati sikanamve n'kugogodanso msanga, iko kamawerenga kawiri, n'kulumphira pa nyimbo ina. Mukakwiya n'kugogoda katatu, pa ma earbuds ambiri mwabwerera pa nyimbo yam'mbuyo. Mukachedwetsapo chala, ena amazima kumene.

Nthawi zina nyimbo imaima musanakhudze chilichonse. Kawirikawiri imeneyo ndi sensa ina, imene imaona ngati kachipangizoko kali m'khutu. Kakakhwepa pothamanga kapena potafuna, kamayesa mwakachotsa. Sinthani timalabala takumapeto tija, yesani tokulirapo, ndipo zikapitirira zimitsani sensayo mu app. Timalabala tokwana bwino timachepetsanso kukonzakonza, komwe ndi gwero la kukhudza mwangozi. Mukachokera kolimbitsa thupi, pukutani ndi kansalu kouma musanawabwezere m'kabokosi kake.

Ngati mukufuna kugula ena, onani kaye mmene amalamulidwira musanatengeke ndi kamvekedwe. Makampani akuluakulu nawo anayamba kuchoka pa zogogodazi. AirPods oyamba a Apple, a mu 2016, ankafuna kugogoda kawiri, koma AirPods Pro a mu 2019 anabwera ndi kamchira kochita kufinya. Samsung inatsatira njira yomweyo pa Galaxy Buds3 mu 2024. Kufinya kumafuna zala ziwiri, ndiye tsitsi kapena chipewa sizingachite mwangozi, komanso simumva kugunda kuja m'kati mwa khutu. A batani lenileni nawonso ndi abwino kwa othamanga ndi ovala magolovesi, kungoti podina mumakankhira kachipangizoko m'kati, ndipo batani likakhala lolimba khutu limapweteka.