Kompyuta yomanga nokha ikamayaka lero mawa n'kukana, yambirani apa

Pa mavuto onse a kompyuta yoti munachita kugula zipangizo pachokhapachokha n'kumanga nokha, lopweteka mutu kwambiri si loti yafiratu ayi, yofiratu ija bola chifukwa umangosinthasintha zinthu mpaka iyake. Yovuta ndi ija yoti mwadina batani, mafani akuzungulira, timagetsi tayaka bwinobwino koma sikirini ili bii, mwazimitsa, mwayatsanso, ndiye yabuta ngati palibe chachitika. Masiku angapo ikuyenda bwino, kenako yayambiranso zomwezija.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna muchigwire ndi ichi: kuyaka kamodzi si umboni woti mwakonza. Anthu ambiri amazula RAM (memory ya kompyuta), kusintha waya, kupanga reset BIOS (pulogalamu ya masetingi ya motherboard, bodi yaikulu ya kompyuta), zonsezo pakamodzi, ikayaka basi akuti zatheka, chonsecho kompyutayo inali yoti iyaka kale ulendo umenewo. Ngati imakana kamodzi pa maulendo asanu aliwonse ndiye kuti kuyaka kawiri katatu motsatizana sikukuuzani kalikonse. Sinthani chinthu chimodzi, yesani kambirimbiri, ndipo muziyesa itazizira, mwachitsanzo itagona usiku wonse yozimitsa. Tengani pepala muzilemba: yakana nthawi yanji, inali yozizira kapena munangopanga restart, munazimitsa pakhoma kapena ayi, pa USB panali chiyani. Pepala limeneli ndi lomwe lidzakulozereni wolakwa.

Ndiye muone kuti ikumaima pati penipeni, chifukwa "sikuyaka" ali ndi matanthauzo atatu. Pali poti mwadina batani koma zii, ngakhale fani imodzi osagwedezeka. Pali poti mafani akuzungulira koma palibe chikuoneka, apa ndiye kuti yakanika pa POST, kudziyeza komwe motherboard imachita isanapereke mpata kwa Windows kapena Linux. Ndiye pali poti logo ya bodi yaoneka koma Windows osalowa. Mabodi ambiri a masiku ano ali ndi timagetsi tinayi chakum'mbali tolembedwa CPU (purosesa), DRAM (RAM), VGA (khadi la graphics, lomwe amatinso GPU) ndi BOOT (disk yomwe ili ndi Windows kapena Linux), a MSI amati EZ Debug LED, a ASUS amati Q-LED. Poyaka timayaka motsatizana, ndipo komwe katsalira kosazima ndi komwe kali ndi nkhani. Tsiku lomwe yakana musathamangire kuzimitsa, suzumirani kaye mkati muone kayaka ndi kati, jambulani ndi foni. Ngati bodi yanu ilibe timagetsi timeneti, somekani kasipika kakang'ono kaja pa header yake muwerenge kulira kwake, tanthauzo lake lili m'buku la bodi.

Ikakhala kuti ndi DRAM, ndipo nthawi zambiri imakhaladi imeneyo, pali zoti muone zingapo. Choyamba ngati muli ndi timitengo tiwiri ta RAM pa bodi ya masiloti anayi, timayenera kukhala pa A2 ndi B2, kutanthauza siloti yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa CPU, mabodi ambiri amafuna choncho. Zulani, muikenso mokanikiza mbali zonse ziwiri mpaka mumve kuti thwa, kaloko katseka kokha. RAM imatha kuoneka ngati yalowa pomwe mbali imodzi yatsala pang'ono kwambiri, ndipo imeneyo ndi yomwe imayaka lero mawa n'kukana.

Chachiwiri ndi XMP, kapena EXPO kwa a AMD. Liwiro lomwe linalembedwa pa paketi ya RAM, kaya ndi 3600 pa DDR4 kaya 6000 pa DDR5, limabwera mukayatsa profile imeneyi, ndipo kunena zoona imeneyo ndi overclock. Si CPU iliyonse yomwe memory controller yake, mbali yoyendetsa RAM, imakwanitsa liwiro limenelo tsiku lililonse, makamaka mukadzadza masiloti onse anayi kapena mwaphatikiza makiti awiri ogula nthawi zosiyana, ngakhale akhale a kampani imodzi. Lowani mu BIOS, zimitsani XMP, muisiye pa liwiro wamba kwa masiku angapo. Vuto likatha ndiye mwalipeza, mutha kubwezera XMP koma n'kutsitsa liwiro pang'ono. Komanso a DDR5 mudziwe izi, makamaka pa AM5, soketi ya ma CPU a AMD: bodi imachita zomwe amati memory training, kuyeza mmene iziyankhulirana ndi RAM, ndipo zimatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda kagetsi ka DRAM kali chiyakire. Ambiri amaona ngati yafa n'kuizimitsa pakatikati, ayi ndithu, ipatseni nthawi imalize. Mu BIOS muli Memory Context Restore yomwe imafupikitsa kudikiraku, koma pa makina ena imabweretsanso kusakhazikika, choncho yesani ili on, yesaninso ili off. Mukafuna kutsimikiza kuti RAM yeniyeniyo ndi yabwino, ikani pulogalamu yoyezera RAM ya MemTest86 pa flash, iyende usiku wonse, error ngakhale imodzi yokha ndi vuto. Kenako yesani kamtengo kamodzikamodzi.

Wachiwiri woti mumukayikire ndi power supply (PSU), bokosi lopereka magetsi mu kompyuta. Chizindikiro chake chodziwika ndi chakuti imakana ikakhala yozizira, mukadina kawiri katatu ndiye yavomera, ndipo ikangoyaka imagwira tsiku lonse popanda vuto. Zimachitika chifukwa PSU ikayatsidwa imayenera kukhazikitsa kaye 12V, 5V ndi 3.3V, kenako imatumiza siginolo ya Power Good ku bodi pasanathe theka la sekondi kuti tsopano yamba. Ma capacitor akakalamba magetsi aja amachedwa kukhazikika, siginolo imabwera mochedwa kapena osabwera, bodi imangokhala ikudikira. Mutha kuyeza ndi multimeter, 12V iyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, koma dziwani kuti mita singakuonetseni kugwa kwa kanthawi kochepa kwambiri komwe kumachitika pa nthawi yoyaka. Ngakhale njira ija yolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa 24-pin, pulagi yaikulu ya PSU yopita ku bodi, imangokuuzani kuti PSU ikutha kuyaka, osati kuti ili bwino. Njira yodalirika ndi kubwereka PSU ina yoti mukuidziwa kuti ndi yabwino muyese nayo masiku angapo.

Apa ndichenjeze zinthu ziwiri, ndipo chonde muzimvere. Musatsegule PSU mkati, ma capacitor ake amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pakhoma. Ndipo mukasintha PSU ya modular, yomwe mawaya ake amazuka, sinthaninso mawaya ake onse. Mawaya a PSU ina amatha kulowa bwinobwino pa inzake koma mapini ake n'kukhala osiyana kayalidwe, ndipo mutha kuwotcha disk kapena GPU nthawi yomweyo.

Muli pomwepo gwirani mawaya onse mmodzimmodzi. 24-pin ija ndi yolimba polowetsa ndiye ambiri amaisiya kaloko kasanakole, gwirizani bodi kumbuyo ndi dzanja mukanikize. Ya 8-pin ya CPU ili pakona pamwamba pomwe dzanja limavutika kufika, nayonso ionetsetseni, komanso mbali ya ku PSU ngati ndi modular. Waya wa GPU ulowe mpaka pasaoneke mpata, makamaka wa 16-pin wa makhadi atsopano a NVIDIA uja.

Kabatire ka CMOS, ka pa bodi kothandiza kusunga masetingi a BIOS, musakaderere. Ndi CR2032, ka 3V, kozungulira ngati kobiri, ndipo kakafooka bodi imayamba kuiwala masetingi, nthawi imasokonekera, mabodi ena amafika pokana kuyaka mukazimitsa pakhoma. Ngati pepala lanu lija likuonetsa kuti imakana pokhapokha magetsi atachotsedweratu, sinthani kameneka musanagule china chilichonse, n'kotchipa kuposa zonse. Mukasintha pangani clear CMOS, kufufuta masetingi a BIOS, muyambirenso masetingi.

Kwa amene mukadina batani pamakhala zii, mwina vuto ndi batani lenilenilo kapena tiwaya take. Zulani tiwaya ta batani tolembedwa PWR_SW pa front panel header, mapini a pa bodi pomwe tiwaya ta kesi timalowa, mugunditse mapini awiri amenewo ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa kamphindi. Ikamayaka nthawi zonse mwanjira imeneyi ndiye kuti batani la kesi ndi lomwe latha. Zulaninso ka reset, nako kamatha kumatirira.

Zonsezi zikakanika itulutseni mu kesi. Ndikudziwa kuti zimagwetsa ulesi mutamanga mawaya mwaukhondo chonchija, koma palibe njira ina yodziwira ngati pali short. Ikani bodi pamwamba pa katoni yake, osati pa pulasitiki yonyezimira ija yomwe bodi inabweramo, musiye CPU ndi cooler, kamtengo kamodzi ka RAM, PSU, ndi sikirini basi, GPU muiike pokhapokha ngati CPU yanu ilibe graphics. Ikamayaka bwino panja koma mkati n'kumakana, yang'anani ma standoff, timiyendo tachitsulo tomwe bodi imakhalapo. Kamodzi kongotsala pamalo pomwe bodi ilibe bowo kamakhudza kunsi kwa bodi, ndipo kesi ikangogwedezeka kapena kutenthedwa pang'ono nkhani yasintha. Onaninso timalilime ta I/O shield, kachitsulo kozungulira madoko kumbuyo kwa kesi, ngati sitinalowe mu doko la USB kapena HDMI. Kenako muzibwezera zinthu chimodzichimodzi mpaka vuto libwerere.

Cooler nayo mukaimanga mothinitsa kwambiri kapena mbali imodzi kuposa inzake, CPU siikhala bwino pa mapini, ndipo chodabwitsa n'chakuti kagetsi komwe kamayaka nthawi zambiri ndi ka DRAM chifukwa memory controller ili mu CPU momwemo. Masulani, mumangenso mopingasa pang'onopang'ono. Mutachotsa CPU walitsani tochi cham'mbali muone ngati pali pini yopindika, pa Intel ndi AM5 mapini ali mu soketi ya bodi, pa AM4, soketi yakale ya AMD, ali pa CPU penipenipo.

Kagetsi ka VGA kakatsalira, zulani khadi muliikenso, ndipo ngati ndi lolemera lichirikizeni lisawerame. Amene muli ndi riser cable, waya wolumikiza khadi ku siloti ya bodi, riser ya PCIe 3.0 pa khadi ndi bodi za 4.0 imachita zomwezi, ikani siloti pa Gen 3 mu BIOS kapena somekani khadi pa bodi mwachindunji. Yesaninso waya wina wa HDMI kapena DisplayPort, nthawi zina kompyuta imakhala yayaka kale koma chithunzi ndi chomwe sichikufika.

Tsopano ngati logo ikuoneka koma Windows osalowa, lowani mu BIOS tsiku lomwe yakanalo muone ngati disk ikuoneka. Ikamasowa nthawi zina, ikaninso disk ya M.2 bwinobwino kapena sinthani waya wa SATA, muonenso thanzi lake ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Zimitsani Fast Startup mu Power Options ya Windows, chifukwa ikakhala on, shut down siizimitsiratu, imasunga mbali ina ya system pa disk, ndipo driver imodzi ikalakwitsa podzuka kompyuta imaima. Chizindikiro chake n'chakuti restart imayenda bwino nthawi zonse koma kuyatsa pambuyo pa shut down ndi komwe kumavuta. Zulaninso zonse za pa USB kupatula kiyibodi, hub kapena external disk imatha kuimitsa bodi pa logo.

BIOS update ndimaiika kumapeto ngakhale imakonzadi mavuto ambiri a RAM ndi CPU zatsopano, chifukwa kuflasha makina oti amazima okha n'kuika bodi pachiswe. Chitani pamene XMP ili off ndipo makina akhazikika, ndipo ngati bodi ili ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo gwiritsani limenelo. Mukasintha zonse PSU, RAM ndi batire, mwayesa panja pa kesi koma ikukanabe, otsala ndi bodi ndi CPU, ndipo mwa ziwirizi bodi ndi yomwe imakonda kulakwa. Ngati warranty ikadalipo bwezani, mutumize limodzi ndi zithunzi za kagetsi kaja komanso zomwe munalemba, chifukwa okonza akaiyatsa kamodzi n'kuyaka adzakuuzani kuti ilibe vuto.